Funso la Mayi Makiyi

Mu ofesi yathu ya maloya oimira anthu osauka, ife timafunsa za mlandu, Mayi Makiyi amafunsa zina zonse. Iwo si loya ayi. Ntchito yawo ndi kuona za moyo wa womangidwa: mankhwala ake, ana ake, abwana ake a kuntchito. Dzinali tinawapatsa mowaseka, chifukwa aliyense wotsekeredwa amayamba kumufunsa kuti kiyi wa nyumba ali ndi ndani. Chikwama chawo chimalira ngati cha mlonda.

Anakolopapo m'chipatala zaka khumi ndi ziwiri, ndipo amati kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti munthu wamantha sanena chomwe chikumupweteka, amangoyankha chomwe wafunsidwa. Ine ndinkaona ngati akutitayitsa nthawi. Ndinali ndi mafayilo makumi anayi, komanso mtima wanga ndi wapachala.

Lachisanu lina tinapita kupolisi kukaona telala wina amene ankamuganizira kuti anagula makina osokera obedwa. Anatipatsa mphindi khumi m'kachipinda ka benchi imodzi. Ndinamufunsa ngati ali pabanja, anati ayi. Ana? Alibe. Ndinalemba kuti palibe womudalira. Mayi Makiyi atangoti, “Achimwene, nanga kiyi...”, ndinawadula pakamwa.

“Mayi, mwamva kale kuti alibe banja. Za makiyi zanuzo Lolemba.”

Funso lija analisiya. Ankandilemekeza, ndipo ulemu umenewo ndi umene unatilakwitsa.

Lolemba anabwererako okha n'kufunsa funso lawo. Telala analira. Kiyi anali mu envelopu ya katundu wake pa kauntala ya apolisi. M'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake anatsekeramo bambo ake, okalamba ndi oiwalaiwala, amene ankasochera chitseko chikasiyidwa chotsegula. Sanatiuze poopa kuti kutsekera kholo ukhala mlandu wachiwiri, komanso ankaganiza kuti atuluka tsiku lomwelo. Mashopu oyandikana nawo anali otseka masiku onsewo.

Mayi anathamangirako ndi wapolisi mmodzi. Anapeza mkuluyo atagona pansi kuseri kwa chitseko, jagi ya madzi itauma gwa. Mkuluyo anamwalira kuchipatala patatha masiku anayi, akufunsabe anamwino kuti mwana wawo wawathawiranji.

Mlanduwo ndinapambana. Lisiti ya makina inapezeka m'dirowa ya m'shopu, woweruza anamumasula telala, anzanga anandigwira chanza. Telala anabwera ku ofesi kudzathokoza. Anandiuza mwaulemu wonse kuti ndinamugwirira ntchito yabwino, ndipo ine ndinasowa poyang'ana. Kenako anapereka kiyi uja kwa Mayi Makiyi.

“Sungani, amayi. Kulibenso womutsekera.”

Chichitikireni izi papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mayiwa sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira, mwina zikanandichoka. Chaka chino akupuma pa ntchito. Kiyi wa telala akadali m'chikwama chawo, ndipo ndimamumva nthawi zonse akamadutsa pakhomo la ofesi yanga.