Bonongwe wa Kuseri kwa Mgodi

Chaka chimene mgodi unatsekedwa, bambo anga anabwera kunyumba chisoti chili m'manja, ndipo sanapezenso ntchito mpaka imfa yawo. Tinatsala anayi kukomboni ya Makandanyama: amayi, ine, ndi alongo anga awiri aang'ono. Chinatisunga ndi bonongwe. Amayi ankalawirira ndi thumba n'kubwera nalo lodzaza masamba onenepa, ngakhale m'chilimwe. Wina tinkadya, wina ankakagulitsa kumsika wa ku Katondo. Wothyola ndiwo saulula malo ake, choncho sankauza munthu. Ine ndinadziwa chifukwa ndinkachapa chitenje chawo. Madzi ake ankada bii ndi fumbi la kuseri kwa mulu wa zotaya za mgodi, kumene madzi ankadikha chaka chonse.

Patapita zaka zingapo kunabwera amayi awiri ochokera kunyumba yosungirako zinthu zakale. Ankafuna kuti magulu a m'makomboni asonkhanitse zomera zimene timadya ndi zimene timachizira matenda, ziikidwe poonekera kuti anthu aphunzire. Gulu lathu la amayi a kutchalitchi linavomera. Tinkayala masamba pakati pa nyuzipepala zakale, n'kupanikiza ndi thabwa ndi njerwa mpaka aume. Cholembera anapatsa ine, poti ndinali nditapitako patali ndi sukulu. Pa chomera chilichonse ndinkalemba dzina, ntchito yake, wothyola, ndi malo amene chathyoledwa.

Malowo ndiwo anavuta. Alendowo anatifotokozera kuti dothi la pafupi ndi mgodi lili ndi mtovu, chitsulo chapoizoni, kuti fumbi lake limakhala pamasamba, ndipo limawononga ana pang'onopang'ono, iwo akusewera bwinobwino. Chomera chochokera kumeneko chinkayenera kulandira chidindo chofiira. Atafunsidwa amayi anga, anayankha osaphethira kuti bonongwe wawo ndi wa kudimba la mnzawo ku Bwacha, kutali ndi mgodi.

Ndinakwiya, komanso ndinawamvera chisoni. Akanena zoona, ndani akanagulanso ndiwo zawo? Nanga akanayenda bwanji pakati pa amayi amene ana awo anakula ndi bonongwe ameneyo? Koma ana omwewo ankadyabe. Ndinalemba malo enieni osawauza. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo ndinadalira zimenezo. Manyazi ake ndikadali nawo lero.

Tsiku loonetsa zomerazo m'holo, amayi anavala chitenje chawo chopitira ku ukwati. Anakaima pambali pa tsamba lawo, limene linali kuseri kwa galasi, akumwetulira aliyense. Chidindo chofiiracho ankayesa kuti ndi cha ulemu. Anthu ankafika, n'kuwerenga, n'kuwayang'ana, kenako n'kusuntha. Mayi wina amene ankagula kwa iwo tsiku ndi tsiku anakoka mwana wake padzanja n'kutuluka. Apo kumwetulira kwa amayi kunatha, ndipo anandiitana ndi chala.

"Iwe, niwelengeleko vamene unalemba apa."

Ndinaganiza zowerenga za ku Bwacha zija, pakamwa pokha. Koma ndinali nditawanamiza kale kamodzi. Ndinawerenga zonse: dzina la chomera, dzina lawo, kuseri kwa mulu wa mgodi, ndi mawu akuti ndiwo za pamalo amenewa zisadyedwe. Ndinkayembekeza kuti andilalatira pamaso pa anthu, ndipo ndikanakonda akanatero.

Anayang'anitsitsa tsamba loumalo. Kenako anandifunsa ngati ndinali ndi cholembera. Ndinati ndili nacho. Anapempha mmodzi wa alendo aja kuti atsegule galasi, ndipo anaika chala pamunsi pa pepala, pamene panatsala mpata.

"Lemba futi apa," anatero, "kuti na ana anga enze kudya. Asaganize ati n'nagulitsa ku ana a ena vamene anga sanadye."

Ndinalemba, iwo akuyang'ana chilembo chilichonse.