Mafayilo Omwe Sindinalembe Ine

Anzanga, Jackson ndinakumana naye mu 1998, atalowa mu ofesi yathu pa Chama boma ali fumbi mpaka m'nsidze. Anali mphunzitsi ku Kambombo koma kwawo ku Kitwe, ndipo ulendo wonse wochokera ku Kambombo anali atapalasa njinga.

Ine Tryness ndinali typist pa pulojekiti ya zaulimi. Tinali ndi kompyuta imodzi yoyendera jenereta, yomwe tinkaifunditsa chitenje kuopa fumbi. Bwana wanga, a Nyirenda, analamula kuti woigwira ndikhale ine ndekha.

"Ba sister, ndiye TV yolemba iyi?" anafunsa Jackson akutambasula dzanja.

"Musagwire!"

"Awe, nifuna chabe kuona. Kapena niziona mwine wake?"

Ndinaseka, ndipo ine ndinathera pomwepo...

Loweruka lililonse ankabwera ndi nzimbe, n'kundikweza pa kaliyala kuzungulira msika wonse kuti anthu aone. Abwana akapita kwa alimi ndinkamuphunzitsa kutayipa, iye chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga. Tsiku lina ndinamunong'oneza, "Uziba password yanga? Ni zina lako."

Amayi ku Chifunda ndinali nditawauza kale kuti ayambe kusunga mpunga wa paukwati. Chikondi chimapusitsa, anzanga.

Ndiye Lolemba lina ndinapeza chitenje chitafunditsidwa chozondoka. Mapepala achepa, riboni ya printer yatha inki. Nditayatsa, ndinaona mafayilo atsopano omwe sindinalembe ine, onse osonyeza tsiku la Lamlungu.

Ndinakumbukira kuti Loweruka kiyi wa ofesi anasowa m'chikwama changa, ndipo amene "anamutola" pansi pa mphasa Lamlungu madzulo anali Jackson.

Ndinatsegula fayilo yoyamba. Dzina lake UKWATI. M'mbali monse anali atakongoletsa ndi tinyenyezi. "Banja la a Mulenga a ku Kitwe likukuitanani ku ukwati wa mwana wawo Jackson..."

Ndinakuwa ndekha mu ofesi! Ndinati ndi surprise, mwamuna wanga wandibera kiyi kuti andisangalatse!

Ndinatsitsa pansi.

"...ndi Damaris Goma."

Ndinawerenganso. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, poganiza kuti mwina yasokonekera. Damaris anali pomwepo. Fayilo ina inali khadi la kitchen party yake.

Sindinatsanzike kwa abwana. Ndinabwereka njinga, dzuwa likuswa mtengo, mpaka ku Kambombo ndikulira njira yonse. Ndinamupeza m'kalasi, choko m'manja.

"Jackson, Damaris nindani?"

Anatuluka panja, nkhope itagwa. "Waona kuti? Ninazimya ine!"

"Unazimya chani?"

"Kompyuta. Nenze kuganiza ukazimya vonse vifutika monga pa bolodi."

Mwamva, anzanga? Chomwe chinamuwawa n'chakuti wagwidwa, osati kuti wandipha.

"Ni mwana wa ba landlord," anatero. "Ali na mimba. Makolo bake banikakamiza, kulibe vamene ningachite."

Apa ndiye manyazi anandithawa. Ndinagwada pafumbi, ana asukulu atadzaza m'mawindo, n'kumugwira thalauza.

"Lipila damage chabe, mwana tizalela pamodzi. Please, Jackson!"

"Vinapita kale ku church."

"Olo unitenge wachibili. Nizavomela. Usanisiye chabe!"

"Nyamuka iwe, bana batiyangana." Anachotsa manja anga, n'kusansa fumbi pa thalauza. "Manje mafayilo yaja ukafute, ba Nyirenda bangakuchose nchito. Koma unisungileko pa diskette, makadi yanachepa."

Ndinabwerera wapansi, ndikukankha njinga.

M'mawa mwake ndinatsegulanso khadi lija kuti ndifufute. Chala chinakana. M'malo mwake ndinafufuta dzina la Damaris, chilembo chimodzichimodzi, n'kulemba langa.

Jackson Mulenga ndi Tryness Zimba.

Linakwana bwinobwino pamzere, anzanga. Ndinaliyang'ana mpaka misozi inanyowetsa keyboard. A Nyirenda atalowa anasuzumira pa screen, nkhope yawo n'kuwala.

"Ah, Tryness mwana wanga! Congratulations! Manje unali kutibisila chani? Galimoto ya project nikupasa pa siku lako!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zoona.

Koma ndinangoti, "Zikomo, bwana."