Dalaivala wa m'buku la aneba

Aneba athu kuno ku Temeke ndi aphunzitsi opuma ntchito, kwawo ku Zomba. Chiyambireni makampani atsopano a kuno kufuna antchito odziwa Chingerezi, amaphunzitsa achinyamata pakhonde pawo. Buku lawo lakale likatchula dokotala kapena dalaivala limati “he”, koma iwo amawerenga kuti “they”. Ukawafunsa amati, “Munthu sitinamuone, tisathamangire kumuveka buluku.”

Tsiku lina Asmahani, mtsikana wa m'kalasimo, anawauza kuti zophunzira kuyendetsa daladala, minibasi za kuno, wazisiya, poti ngakhale bukulo likusonyeza kuti ndi ntchito ya amuna.

Iwo anatseka bukulo. “Amene analembayu anafikako ku Temeke?”

“Ayi, aphunzitsi.”

“Ndiye iweyo sanakuone. Mawa ndikuperekeza kusukulu yoyendetsa galimoto.”