Buku la Mfumu M'bokosi la Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, fungo limene limandibwerera si la tiyi, ngakhale tinkakhala m'malayini a esiteti momwe utsi wa fakitale unkadetsa zovala pachingwe. Limabwera fungo la fodya wa chingambwe, iwo atakhala kuseri kwa khitchini, akunyowetsa pepala ndi malovu kuti ndudu imatike, belu loweruka likulira kumunda.

Asanabwere kudzakhala nafe anali mesenjala pa laibulale ya azungu m'tauni, nthawi ya atsamunda. Nkhani yawo inali imodzi yomweyo. Laibulale itangotsegulidwa, mfumu ya ku Mangalande inatumiza mabuku ngati mphatso, ndipo iwo ndi amene anawasenza kuchokera ku siteshoni. Mabukuwo anaikidwa m'kabati yagalasi. Wakuda aliyense podutsa pamenepo ankavula chipewa. Kupukuta fumbi agogo ankaloledwa, kutsegula ayi. Azungu pochoka, dona wa pamenepo anawapatsa limodzi, ndipo linkagona m'bokosi lawo lachitsulo lomwe ana sitinkakhudza.

Ndili sitandade seveni ndinadzitama nalo kusukulu. Mnzanga Yona anati ndine wabodza, ine ndinamugulula dzino. Mtima wapachala sindinauyambe lero. Aphunzitsi anagamula mwachidule: "Lolemba ubwere nalo bukulo. Ukabwera chimanjamanja udzagwada pa asembule, udzanene wekha kuti ndiwe wabodza."

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinawapempha agogo bukulo. Sanavute. Anatulutsa buku lachikuto chofiira, lolembedwa ndi zilembo zagolide, chidindo cha chisoti chachifumu chili pakati. Nditalinyamula linapepuka ngati chikho chouma. Mkatimo munatsala masamba ochepa akumapeto. Ndikadali kukamwa yasa, anatambasula dzanja, n'kung'ambapo limodzi, n'kuyamba kuthirapo fodya.

"Agogo, mukusuta buku la mfumu?"

"Nanga ukufuna ndisute Baibulo? Pepala ili ndi lofewa, silikanda pakhosi. Zinthu zachifumu, mwanawe."

Ndinamenya theche chitini cha fodya, chinakagwera mu ngalande. Ndinadikira khofi. Iwo anangondiyang'ana.

"Zaka zonse zija ankandiletsa kulitsegula, ndipo sukulu sindinapiteko. Ndinati nzeru za mfumu zikakana kulowera m'maso, zilowere pachifuwa. Iwe poti ukudziwa chizungu, tandiwerengera. Ndimve chimene ndakhala ndikumeza."

Zithunzi munalibe, zilembo zinali ngati nyerere. Ndinawerenga modukizadukiza, ndinabwerezanso, chifukwa sindinakhulupirire.

"Akunena za agalu, agogo."

"Agalu ati?"

"Agalu osakira nyama. Akuti galu akamadwala m'mimba muzimuphikira mpunga ndi nyama ya nkhuku, muzimufunditsa bulangete."

"Tembenuza. Pali pena."

Ndinatembenuza mpaka tsamba lomaliza. Nkhupakupa, utitiri, kadulidwe ka zikhadabo.

Nkhuku zinayamba kujompha fodya uja mu ngalande. Ndudu inali m'manja mwa agogo yosayatsa. Munthu amene anayenda wapansi kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, amene sanagwetse msozi pamaliro a mkazi wake, anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti chipewa chija ndinkavulira agalu?"

Anandikankhira bukulo n'chala chimodzi. "Tenga, ukawaonetse aphunzitsi ako."

Chidindo chinalipo, chikanandipulumutsa. Koma ndinkawadziwa aphunzitsi aja. Akanaima kutsogolo n'kumasulira mzere ndi mzere, ndipo pofika madzulo malayini onse akanadziwa, ana akanamauwa agogo akamadutsa.

Lolemba ndinagwada pa miyala, sukulu yonse ikuyang'ana, Yona akuseka ndi chibowo chake m'kamwa, ndipo ndinanena mokweza kuti kwathu kulibe buku la mfumu. Dzina loti Bodza ndinamaliza nalo pulayimale. Agogo anamwalira osadziwa.

Lero kuntchito amanditcha wamwano. Bwana akabweretsa pepala kuti tisayine, anzanga amasayina ataweramitsa mutu, ine ndimakhala pansi n'kuwerenga mpaka mzere womaliza, iye akuyang'ana wotchi. Adikire.