Tayala Limene a Sipoko Anapopa

Mumsewu wathu munali wokonza njinga amene tonse tinkawatchula kuti a Sipoko. Ine ndinkasoka zovala pakhonde loyandikana ndi chisakasa chawo, choncho ukali wawo ndinkaumva kuyambira m'mawa ngati wailesi. Anali munthu wamangawa, wosachedwa kupsa mtima, koma manja awo anali odala. Tayala lophwa linkawawawa kuposa kulira kwa khanda. Njinga ikaima pafupi, mwini wake asanapereke moni, chala chawo chinali chitadina kale tayala, ndipo ankalipopa uku akumulalatira mwini njingayo.

Mdani wawo wamkulu anali mlamu wawo, mlongo wa malemu akazi awo. Chidanicho chinayamba pa tsiku la ukwati, pamene mlamuyo ananena pagulu kuti mlongo wake wakwatiwa ndi girisi. Mlamuyo anali mkulu wa kalabu ya othamanga, ndipo ndiye anakopa mwana wamkazi wa a Sipoko, amene tinkamutcha Namzeze chifukwa cha kupepuka kwa miyendo yake. A Sipoko ankati munthu wamutu wabwino sathamanga popanda chomupirikitsa.

Namzeze ankafuna kulowa timu ya dziko. Osankha anati nthawi yake aivomereza pokhapokha ataithamanga pa msewu woyezedwa, wokhala ndi chiphaso. Malume ake anavutika chaka chathunthu kufikira anapeza mayi wina woyeza misewu ya mipikisano, amene anabwera kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uchitike.

Ntchito ya mayiyo ndinaiona ndi maso anga. M'mamawa anatambasula tepi yachitsulo pamalo owongoka, nakhoma misomali m'phula kumapeto onse awiri. Kenaka anapalasa njinga yake pakati pa misomaliyo mobwerezabwereza. Pa tayala lakutsogolo panali kachipangizo kowerenga kuzungulira kwake, kuti adziwe mtunda umene tayalalo limadya. Atatero analowa mumsewu wa mpikisano, apolisi akuimitsa magalimoto, iye akudula ngodya iliyonse monga angadulire wothamanga wochenjera. Chotsala chinali kubwerera pa misomali ija kukayesanso tayala, kuti atsimikize kuti silinasinthe.

Malo othera mpikisano anali pafupi ndi ife. Mayiyo anatsamiritsa njinga pa mzati wa chisakasa cha a Sipoko, nalowa m'golosale ndi mlamu uja kukamwa madzi. Ine ndinali nditaweramira makina. Ndinangomva phokoso la pampu.

Atatuluka, a Sipoko anawalandira manja ali m'chuuno. Anauza mlamu wawo kuti ndi zamanyazi kuitana mlendo n'kumusiya akuyenda pa tayala lofewa ngati papaya lakupsa, ndipo kuti girisi wamuchotsera manyaziwo kwaulere.

Mayiyo anadina tayala, natembenukira kwa a Sipoko.

"Bambo, mwapopa lakutsogololi?"

"Onse awiri, mayi. Ine sindigwira ntchito yatheka."

Mayiyo sanakweze mawu. Anafotokoza kuti tayala lolimba ndi lofewa sadya mtunda wofanana, ndipo popeza sanaliyesenso, zonse zimene anachita m'mawawo zafa. A Sipoko anati aphwetsako mpweya. Iye anafunsa kuti aphwetsa wochuluka bwanji. Apolisi anali atapita kale, msewu utadzaza magalimoto, ndipo mayiyo ankayembekezeka kwina mawa lake. Anati dzina lake sangaliike pa mtunda wongoganizira.

Mlamu uja analoza a Sipoko chala. Anati a Sipoko achitira dala, kaduka kawadya mpaka kulodza mwana wawo yemwe ndi pampu. A Sipoko anabweza kuti amene amadziwa zonse akanayenera kulondera njingayo m'malo mokadzikhuthulira zoziziritsa kukhosi. Zinatuluka zakale zonse, za ukwati, za maliro, za amene sanabwere kuchipatala. Anthu anasonkhana, ndipo wogulitsa makala ndiye anawalekanitsa, sipanala ili kale m'mwamba.

Mpikisano unachitika pa msewu wopanda chiphaso. Namzeze anawasiya onse kutali, ndipo nthawi yake inaposa imene osankha ankafuna. Osankhawo anaikana. Chaka chotsatira bondo linayamba kumuvuta, ndipo liwiro lija silinabwererenso.

Ine ndikudziwa kuti a Sipoko sanachitire dala. Dzanja lawo linkafika pa pampu mutu usanaganize. Ndinawauza kangapo kuti apite akamuuze mwanayo mawu amodzi okha. Ankandiyankha kuti ndisamale ulusi wanga, iwo sapepesa chifukwa chokonza njinga.

Namzeze anasamukira kwa malume ake, kenaka anakwatiwa, napeza ntchito yophunzitsa ana masewera. Anagula njinga yakeyake. Tsiku lina ndinamuona akubwera akuikankha, tayala lakumbuyo litaphweratu. A Sipoko anaimirira, napukuta manja pa ovolosi, nasuntha kampando kamene ankakhazikapo makasitomala.

"Mwaswera bwanji, atelala?" anatero Namzeze, kupereka moni kwa ine ndekha.

Anapitirira nayo njingayo mpaka kwa wokonza wa kuseri kwa msika. A Sipoko anaima pomwepo kufikira anakhota, kenaka anandikalipira kuti zidutswa za nsalu zanga zikuulukira m'chisakasa mwawo.