Ndinasiya Kiyi M'galimoto ya Malemu Amuna Anga

Ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa ndikapanda kutero mundimvera chisoni chimene sichindiyenera. Amene anatenga galimoto yanga sanabwere ndi mfuti, sanaswe galasi, sanathyole chitseko. Ndinachita ngati ndaipereka ndekha, ndi kiyi wake yemwe, ndi mapepala ake omwe, kwa munthu amene ndinkadziwa bwino lomwe kuti akuifuna. Inu owerenga, makamaka amene galimoto zanu zili ndi timabatani ta manambala pachitseko, imvani za ine mayi wamasiye wa kwa Kadewere kuno ku Chiradzulu.

Malemu amuna anga, bambo a Yamikani, anagula pikapu yakale kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Ntchito yake inali kunyamula tomato, kabichi ndi nandolo wa amayi a kuno kupita pa Njuli ndi ku Limbe. Galimotoyo inali ndi chinthu chimodzi chimene ankabwera kudzaonera anthu. Pachitseko cha dalaivala pali timabatani tisanu, ndipo ukadina manambala asanu olondola chitseko chimatseguka chokha popanda kiyi. Amuna anga anaikamo nambala yochokera pa tsiku, mwezi ndi chaka cha ukwati wathu. Ankati akufuna azikumbukira tsikulo kangapo patsiku, kuti ndisadzawanene kuti aiwala.

Amuna angawo anali otaya makiyi kwabasi. Ndiye anazolowera kuika kiyi pansi pa kapeti, kutuluka, n'kukhoma chitseko ndi timabatani tija. Atandiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira mpaka ndinapeza laisensi, ndinatengera zomwezo. Kwa ine zinali zabwino koposa, paja chitenje chilibe thumba. Tsiku lina ndinamangirira kiyi pansonga ya chitenje n'kumutaya pakati pa matumba a kabichi, ndipo kuyambira pomwepo ndinati kiyi azigona m'galimoto basi.

Amuna anga atadwala, akulu awo, alamu anga a Mofati, anawatengerako kuchipatala kawiri pa galimoto yomweyo, ndiye anauzidwa nambala ija. Asanamwalire, amuna anga anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri n'kunena momveka bwino kuti galimoto ndi ya ine ndi ana athu atatu. Koma maliro atangotha, alamu anayamba kunena kuti mkazi sangasunge galimoto, ndipo chuma cha m'bale wawo chiyenera kubwerera kwawo ku Mauwa. Ankhoswe anawakaniza. Iwo anangoseka n'kuti tiona.

Apa ndi pamene panayambira uchitsiru wanga. Makaniko amene amatikonzera galimoto anandiuza kuti ndisinthe nambala, ati ndi ntchito yosatenga ndi nthawi yomwe. Mnzanga wapamtima a Nachisale, amene amagulitsa tomato pa Njuli, anandiuza zomwezo mpaka kundikalipira. Ine ndinakana. Ndinkanamizira kuti nambala yatsopano ndingaiiwale, koma zoona zake ndi izi: m'mawa uliwonse ndikamadina manambala aja ndinkamva ngati ndikuwapatsa moni amuna anga. Kufufuta nambala imeneyo ndinkaona ngati kuwaika m'manda kachiwiri. Ndinali kulira ndi zala, ndipo aliyense wondiuza zosintha ndinkamuona ngati wopanda chifundo.

Patatha chaka tinapita ku Mauwa kukatsegulira chiliza cha amuna anga. Ndinanyamula ufa, nkhuni, mbuzi ndi amayi a kumpingo kwathu. Galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi anga. Kiyi ndinamuika pamalo pake pansi pa kapeti. Buku la galimoto, lija timati bulubuku, linali m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi mapepala a inshulansi. Ndinakhoma, n'kulowa mumzere wa amayi kupita kumanda.

Pobwerera kumanda maso anali otupa ndi misozi. Nditafika pa mango paja ndinapeza mizere ya matayala yokha. Ndinazungulira nyumba ngati mwina galimoto ingabisale kuseri kwa nkhokwe. Anthu anayamba kunena za akuba, koma ine nditayang'ana pansi sindinaone kachidutswa ka galasi ndi kamodzi komwe. Ndinayang'ana pa gulu la abambo, alamu a Mofati panalibe. Ndinawayang'ana apongozi anga, iwo anangoti zyoli. Pamenepo ndinadziwa.

Ndinabwerera kwathu pa kabaza, ine amene ndinabwera ndikuyendetsa. Amayi a kumpingo anabwerera wapansi, mapoto ali pamutu. Manyazi ake sindingawafotokoze. Foni ya alamu inali yothimitsa. Ankhoswe anapita kunyumba kwa alamuwo, akazi awo n'kunena kuti sakudziwa kumene apita. Ankhoswewo anandipempha kuti ndidikire kaye masiku awiri ndisanapite kupolisi, poti ndi nkhani ya pachibale. Ndinavomera, koma chakudya sichinkalowa. Galimoto ija ndi imene imadyetsa ana anga ndi kuwaphunzitsa. Ndinkadziwa kuti ikangogulitsidwa ndi bulubuku lake n'kuwoloka malire, ndiye kuti basi, ndabwerera ku maganyu.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mwana wanga woyamba, Yamikani. Sanandikalipire ayi. Anangondifunsa mofatsa kuti kodi amayi, kiyi anali kuti.

Tsiku lachitatu chakumasana, ndikumanga chitenje kuti ndizipita kupolisi, foni inalira. Anali a Nachisale, akulankhula monong'ona. Anati galimoto yanga ili pa Njuli, yatsukidwa mbee, yaima patsogolo pa nyumba ina yodyeramo, ndipo alamu ali ndi bambo wina wa jekete lachikopa amene akugogoda matayala ndi nsapato. Sindikumbuka ngati ndinatseka chitseko cha nyumba. Wakabaza wa njinga yamoto ndinamuuza kuti akafuna kudzandinyamulanso moyo wake uno, athamange.

Nditafika ndinakakhala pansi kuseri kwa benchi la a Nachisale, nditafunda chitenje kumutu ngati wodwala malungo. Galimoto inali apo, patsidya pa msewu. Ndinaona ndi maso angawa alamu akuonetsa wogula uja zodabwitsa za pachitseko. Ankadina, chitseko n'kutseguka, n'kutsekanso, n'kudinanso, uku akuseka ngati anaipanga okha. Kenaka, inu owerenga, ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimaseka ndekha. Pofuna kusonyeza kuti galimoto imeneyi siifuna kuyenda ndi kiyi m'thumba, alamu anaponya kiyi pampando, anamenyetsa chitseko, anakhoma ndi timabatani, n'kumugwira dzanja mlendo wawo kulowa naye m'nyumba yodyeramo kukakambirana.

Matenda anga omwe aja anawagwiranso iwo.

A Nachisale ananditsina pantchafu. Ndinadzuka, ndinawoloka msewu. Nditafika pachitseko ndinadina, koma chala chinaterereka, chitseko osatseguka. Ndinaganiza kuti mwina asintha nambala. Ndinapuma, ndinapukuta dzanja pachitenje, n'kutchula mumtima tsiku lija ndinalowa m'tchalitchi nditavala zoyera. Ndinadinanso pang'onopang'ono, kamodzikamodzi. Chitseko chinangoti khethe.

Ndinalowa, ndinakhoma zitseko zonse, ndinatsegula kabokosi. Bulubuku linalimo. Ndinaliika m'bulauzi, n'kuliza injini.

Alamu anatuluka akuthamanga, mwendo wa nkhuku uli m'manja, akukuwa kuti wakuba. Inu mukudziwa chimene mawu amenewo amachita pamsika. Anyamata a kabaza anatseka msewu ndi njinga zawo, ena anatola miyala, anthu anaunjikana mbali zonse. Ndikanati ndithawe, ndikanagunda munthu kapena kugendedwa. Ndinazimitsa injini, kiyi ndinamufumbata m'manja, ndinatsitsa galasi pang'ono n'kuvula chitenje kumutu kuti andione nkhope.

Amene anandipulumutsa ndi amayi a tomato. Anasiya mabenchi awo n'kudzaima mozungulira galimoto, a Nachisale ali patsogolo manja m'chiuno. Ankauza anthu kuti mayi ameneyu ndi amene amawanyamulira katundu sabata ndi sabata, ndipo galimotoyi aliyense pa Njuli akuidziwa mwini wake. Miyala inayamba kugwa pansi. Koma alamu sanagonje. Anauza gulu kuti galimoto ndi ya mng'ono wawo, ndipo umboni wake ndi woti nambala yachinsinsi ya pachitseko akuidziwa, anawapatsa malemu ndi pakamwa pawo.

Apa mtima unandiyaka. Ndinatsegula chitseko, ndinaima pa sitepe kuti onse andimve.

“Alamu, nambala mukuidziwadi, sindikukana. Tauzani anthuwa, ndi nambala ya chiyani?”

Anayamba kuchita chibwibwi. Anati nambala ndi nambala basi, ilibe tanthauzo. Wina pagulupo anati ayankhe bwinobwino. Anayesa kunena kuti ndi chaka chobadwa cha malemu, koma atafunsidwa chakacho manambala sanagwirizane.

“Ndi tsiku la ukwati wanga,” ndinatero, n'kutchula tsiku, mwezi ndi chaka, mokweza, pamaso pa msika wonse. “Munaliponso inu, munadya mpunga, munavina. Mng'ono wanu analemba tsiku limenelo pachitseko ichi chifukwa galimotoyi ndi ya banja lake.”

Ndinatsika, ndinakhoma chitseko n'kupempha bambo wina wachikulire, amene sindinkamudziwa n'komwe, kuti adine manambala amene ndatchulawo. Anadina, chitseko n'kutseguka. Nthungululu zimene zinalira pamenepo, ena anayesa kuti kwabwera ukwati. Bambo wa jekete lachikopa atamva kuti ndi katundu wa ana amasiye, anati iye zoterozo sagula, n'kukwera minibasi ya ku Limbe osatsanzika. Alamu anatsala ataima pakati pa msewu, mwendo wa nkhuku uja ukadali m'manja. Ndinanyamula a Nachisale ndi amayi ena awiri ngati mboni, n'kuyendetsa ndekha mpaka kupolisi kukafotokoza zonse. Nkhani inakambidwa pamaso pa ankhoswe, alamu anasaina kuti sadzaikhudzanso galimotoyo, ndipo pano bulubuku lili m'dzina langa.

Ndinapambana, inde, ndipo ndimanyadira. Koma musatengere ine. Galimoto inabwerera chifukwa choti alamu anali opusa mofanana ndi ine. Akanangoika kiyi uja m'thumba la buluku, ine ndikanatsegula chitseko n'kukhala pampando ngati mlendo, galimoto osaliza. Akanapanda kukonda zodzionetsera, lero bwenzi ndikukuuzani nkhani ina.

Tsono mverani. Timabatani timeneti ndi tothandiza tsiku limene mwatsekera kiyi mkati mwangozi, osati kuti galimoto isanduke nyumba ya kiyi. Mukasiya kiyi mkati, chimene chikulondera galimoto yanu ndi manambala asanu okha, ndipo aliyense amene munamuuzapo, kapena amene anaima kumbuyo kwanu mukudina, ali ndi galimoto yanu m'mutu mwake. Makaniko anandiuzanso zina zimene sindinkaziganizira, kuti batire ikatha mphamvu kiyi ali mkati, timabatani sitigwira ntchito, ndipo udzaswa galasi lako lomwe. Anandionetsanso kakhadi kamene kanali pansi pa mapepala m'kabokosi muja, kolembedwa nambala ina yochokera ku fakitale imene sifufutika. Chaka chonse ndinkayenda nako osadziwa, ndipo ndi mwayi chabe kuti alamu sanakaone. Kakhadi kotero ndi bulubuku malo ake ndi kunyumba. Amayi anzanga a zitenje, sokani kathumba mkati mwa siketi, ine ndinasoka ndipo kiyi amagona mmenemo. Ndipo munthu amene munamuuza nambala pa nthawi ya mavuto, mavutowo akatha sinthani nambalayo, ngakhale akhale m'bale.

Ine nambala ija ndinali nditailengeza ndekha pamsika wonse, ndiye panalibenso zokana. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinaimika galimoto kwa makaniko. Anandifunsa ngati ndakonzeka. Ndinamupempha kuti andidikire pang'ono. Ndinatuluka, ndinakhoma chitseko, n'kudina manambala akale aja komaliza. Chinatseguka ngati kale, ndipo ndinalira pamaso pa anthu osachita manyazi. Kenaka ndinapukuta misozi n'kumuuza kuti afufute.

Nambala yatsopano simuimva kwa ine, ndipo ngakhale a Nachisale sakuidziwa. Tsiku la ukwati wanga sindinaliiwale, silinkafunika chitseko cha galimoto kuti ndilikumbukire. Chimene bambo a Yamikani anandisiyira kuti ndisunge ndi ana atatu ndi galimoto yowadyetsa, ndipo ndinatsala pang'ono kuitaya chifukwa chokakamira manambala asanu.