Sistema ya Pachigayo

Mayi Josefina anawaona koyamba a Ivânia ataima pakhomo pa chigayo, manja ali m'chiuno, opanda thumba la chimanga. Chigayocho Mayi Josefina anasiyiridwa ndi malemu amuna awo, ndipo iwo sanali munthu wofunsa mlendo chimene wadzera. Anangomva kwa amayi odzagayitsa kuti ameneyo ndi purofesora, mphunzitsi watsopano wa pasukulu wochokera ku Beira, wophunzitsa za makompyuta.

Pasukulupo kompyuta inalipo imodzi yokha, mu ofesi ya a diretori, mkulu wa sukuluyo, yofunditsidwa chitenje. Ana ankangoisuzumira pazenera. A diretori ankati phunziro lilembedwe, ana aloweze, basi.

M'mawa mwake a Ivânia anafika pachigayo ndi kalasi yonse. Kuno ku Chifunde munthu saima kudikira ufa. Amasiya thumba pamzere n'kupita kumsika, ndipo ufa ukatuluka mwini chigayo amamenya chitsulo. A Ivânia anaonetsa ana zimenezo. Anati chimanga ndi zolowa, ngati mawu amene munthu amalemba pa teklado, mabatani a zilembo a kompyuta, ndipo ufa ndi zotuluka, ngati pepala losindikizidwa ndi impresora. Anati impresora imachedwa ngati chigayo, choncho kompyuta siikhala pansi kudikira, imakagwira zina mpaka chitsulo chilire. Wosunga mzere kuti thumba lisadumphe linzake ndiye sistema, pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse.

"Sistema yathu ndi amayi awa," anatero, akuloza Mayi Josefina.

Ana anaseka. Mayi Josefina anabisa nkhope mumpango, koma chitsulo anachimenya mwamphamvu tsiku limenelo.

Ana anabwerera kusukulu mitu ili mbuu ndi ufa. A diretori anati sukulu yachititsidwa manyazi, ndipo anachenjeza kuti zikachitikanso akapempha kuti purofesorayo asamutsidwe. A Ivânia anayankha kuti ngati chigayo n'chonyansa, awapatse kiyi wa ofesi ana akagwire kompyuta yeniyeni. Kiyi sanaperekedwe.

Sabata yotsatira a Ivânia anabweranso ndi ana kuchigayo, ndipo sanazembere kuseri kwa zimbudzi monga aphunzitsi anzawo anawalangizira. Anadutsa nawo pansi pa zenera la a diretori, ali pamzere. Anapitiriza choncho mpaka mvula itayamba. Mtsikana wina, atafunsidwa chimene chimachitika anthu awiri akatumiza mapepala ku impresora imodzi, anayankha kuti thumba lofika pambuyo limadikira, ngakhale litakhala la a diretori.

Pamapeto pake a Ivânia anasamutsidwira ku Mualadzi. Tsiku lonyamuka anaimitsa njinga yamoto pachigayo, sutukesi itamangidwa kumbuyo. Mayi Josefina, maso ali pansi, anafunsa motsitsa mawu ngati sizikanatheka kugonja pang'ono chabe, kuti akhalebe.

"Amayi, ndikanagonja ana aja akanaloweza zinthu zosazidziwa. Loweruka adzabwera okha. Mudzawatsegulire, ndipo wina akafunsa mudzanene kuti ndine ndinawatuma."